Wogogoda Usiku Sadziwa Dzina la Mwini Khomo

Kuba kumene anthu ambiri anakula akukudziwa kumakhala ndi nkhope. Wakuba mbuzi amayamba wafufuza kuti m'khola la uje muli mbuzi zingati, mwini wake amagona nthawi yanji, ndiponso ngati galu wa pakhomopo amaluma kapena amangouwa. N'chifukwa chake munthu wosauka amagona tulo tabwino, podziwa kuti palibe amene angataye usiku wake kudzathyola chitseko cha nyumba yopanda kanthu. Nzeru imeneyi ndi yoona kumudzi ndi m'tauni momwe, koma ikafika pa makina olumikizidwa ku intaneti imasanduka msampha. Kumeneko ogogoda pakhomo ambiri ndi mapulogalamu amene analembedwa kuti aziyesa khomo lililonse limene angalipeze, usana ndi usiku, osafunsa kuti mwini wake ndani, ali ndi chuma chotani, kapena amakhala dziko liti. Umphawi wa mwini khomo sumutchinjiriza, chifukwa wogogodayo sauona n'komwe.

Mtsikana wina wa ku Ntcheu, amene anaphunzira za makompyuta ndipo amakhala ku Johannesburg, anasenza nkhani imeneyi chifukwa cha amalume ake. Amalumewo ali ndi kabizinesi konyamula katundu wa Amalawi ogwira ntchito ku South Africa kupita naye kumudzi: mafiriji, mabulangete, njinga, malata ndi zikwama za zovala. Galimoto yawo imaoloka pa Beitbridge, kudutsa Zimbabwe, kutulukira pa Nyamapanda, kudzera ku Tete, mpaka kukalowa pa chipata cha Mwanza. Kwa zaka zambiri zonse ankazilemba m'makope. Makopewo atachuluka, ndipo makasitomala atayamba kuimba foni usiku pofuna kudziwa pamene katundu wawo wafika, mtsikanayo anawapangira webusaiti yaing'ono yoti munthu azilembapo nambala ya lisiti yake n'kuona yekha. Webusaitiyo inafunika malo okhala, choncho anabwereka seva.

Seva imene anabwereka ndi ya mtundu umene amautcha VPS. Kampani imakhala ndi kompyuta imodzi yamphamvu m'nyumba yosungiramo makina, ndipo imaigawa ndi pulogalamu kuti ikhale ngati timakompyuta tambiri. Aliyense wobwereka amapatsidwa kake, kokhala ndi adiresi yakeyake pa intaneti, ndipo amalipira pa mwezi. Zimafanana ndi chipinda cha lendi m'mdadada. Mwini nyumba amayang'anira denga, magetsi ndi mpanda wakunja, koma loko wa pachitseko ndi wa wobwereka. Ma VPS otsika mtengo ambiri amaperekedwa motero: kampani imaonetsetsa kuti makina akuyaka ndipo netiweki ikuyenda, pamene zonse zam'kati, kuyambira mapasiwedi mpaka kukonza mapulogalamu, zimatsalira amene wabwereka. Anthu ambiri amalipira mwezi woyamba asanazindikire kuti pamodzi ndi chipindacho alandiranso ntchito ya ulonda.

Tsiku limene sevayo inayatsidwa, kasitomala ngakhale mmodzi asanauzidwe adiresi yake, mtsikanayo anatsegula fayilo yotchedwa auth.log, m'mene makina a Ubuntu amalemba aliyense woyesa kulowa. Anapeza kuti alendo anali atafika kale. Mzere uliwonse unkanena zofanana: wina wayesa kulowa ndi dzina lakuti root, walephera, wina ndi dzina lakuti admin, walephera, kenako test, ubuntu, oracle, postgres, pi. Mayinawa sanali ongopeka. Root ndi dzina la mwini mphamvu zonse pa makina a Linux. Pi ndi dzina limene timakompyuta ta Raspberry Pi tinkabwera nalo kwa zaka zambiri. Oracle ndi postgres ndi mayina amene mapulogalamu osungira zolembedwa amagwiritsa ntchito. M'fayilo ina, yolemba ofika pa webusaiti, alendowo ankafunafuna tsamba lotchedwa wp-login.php, lomwe ndi khomo la WordPress, ngakhale kuti webusaitiyo sinali ya WordPress. Ankafunanso kafayilo kotchedwa .env, kamene opanga mawebusaiti ambiri amasungamo mapasiwedi ndipo ena amakasiya poyera mosadziwa.

Atawaonetsa amalume ake, iwo anayang'anitsitsa mizereyo n'kufunsa kuti, "Kodi iwe, amenewa atidziwa bwanji? Kapena pali wansanje pakati pa anzathu onyamula katunduwa?" Iye anayankha kuti, "Amalume, palibe amene akukudziwani pamenepa. Akugogoda pathu chifukwa akugogoda pa makomo onse." Yankho limeneli lili ndi masamu kumbuyo kwake. Maadiresi a intaneti a mtundu wakale, wotchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni. Kwa munthu chiwerengerochi ndi chachikulu, koma kwa makina ndi chochepa. Mu 2013 ofufuza a pa University of Michigan anatulutsa pulogalamu yotchedwa ZMap, imene inkatha kufunsa maadiresi onsewo ngati khomo lakutilakuti ndi lotsegula pasanathe mphindi 45, pogwiritsa ntchito kompyuta imodzi yokhala ndi netiweki yothamanga. Kuyambira 2009 kulinso Shodan, imene John Matherly anakhazikitsa, ndipo imasunga ndandanda ya makina oyankha pa intaneti monga mmene Google imasungira masamba. Zida zimenezi zinapangidwira ofufuza ndi oteteza makina, koma njira yake ndi yodziwika kwa aliyense. Ngakhale dzina latsopano la webusaiti silibisika kwa nthawi yaitali, pakuti chiphaso cha HTTPS chikaperekedwa chimalembedwa m'kaundula woonekera kwa onse, ndipo mapulogalamu ogogodawo amawerenga kaundulayo.

Amalumewo sanakhutire. "Chabwino, alowe," iwo anatero. "Akapezamo chiyani? Mayina a mafiriji?" Funso limeneli ndi limene limagwetsa ambiri, chifukwa amayeza mtengo wa seva ndi zimene iwo anaikamo. Wolowa mwakuba amapeza zinthu zitatu. Choyamba ndi mphamvu ya makinawo, imene amaigwiritsa ntchito kukumba ndalama za pa intaneti monga Monero, mwini wake n'kumangodabwa kuti webusaiti yayamba kuzengereza. Chachiwiri ndi adiresi. Adiresi imene ilibe mbiri yoipa ndi yabwino potumizira makalata achinyengo, poikapo tsamba lonamizira kuti ndi la banki, kapena poukira makina ena, ndipo madandaulo onse amafika kwa amene anabwereka, amene kampani ikhoza kumutsekera seva. Chachitatu ndi zolembedwazo. M'kaundula wa amalumewo munali dzina la wotumiza, nambala yake ya foni, dzina ndi nambala ya wachibale wolandira kumudzi, mtundu wa katundu, ndi tsiku limene galimoto inanyamuka. Mtsikanayo anawafunsa kuti aganizire munthu wachinyengo atapeza zonsezi, n'kuimbira foni mayi wokalamba ku Ntcheu kuti firiji imene mwana wawo watumiza yagwidwa pa Mwanza, ndipo pakufunika ndalama yotumiza pa foni lero lomwe. Mayiwo angakayike bwanji, pamene woimbayo akutchula dzina la mwana wawo ndi tsiku limene katundu ananyamuka? Amalumewo atamva zimenezi anakhala chete, pakuti bizinesi yawo yonse yaima pa chikhulupiriro cha anthu amene amawapatsa thukuta la miyezi yambiri kuti alifikitse kwawo.

Chitsanzo chodziwika cha zimene mapulogalamu ogogoda angachite ndi Mirai. Mu 2016 pulogalamuyi inkayendayenda pa intaneti kufunafuna makamera a chitetezo, makina ojambulira zithunzi za makamerawo ndi marauta amene anasiyidwa ndi khomo lakale la telnet lotsegula. Ikapeza khomo lotero inkayesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 okha, monga admin ndi admin, kapena root ndi 12345, amene makinawo anachoka nawo ku fakitale ndipo eni ake sanawasinthe. Ndi kandandanda kameneka, pa nthawi imene inafalikira kwambiri inagwira makina pafupifupi 600,000. Makina ogwidwawo ankamvera lamulo la munthu mmodzi, ndipo gulu lotere limatchedwa botnet. Akawalamula onse kuti atumize mauthenga pa malo amodzi nthawi imodzi, malowo ankakanika kutumikira anthu enieni. Mu Seputembala 2016 anaukira webusaiti ya mtolankhani Brian Krebs ndi kampani ya OVH ya ku France. Pa 21 Okutobala chaka chomwecho, makina ogwidwa ndi Mirai anaukira kampani ya Dyn, imene inkathandiza kulozera anthu ku mawebusaiti akuluakulu, ndipo Twitter, Netflix, Reddit ndi ena anavuta kufikika kwa maola angapo ku America ndi ku Ulaya. Amene analemba Mirai anali anyamata atatu a ku America, ndipo anavomera milandu yawo mu Disembala 2017. Chimene chinawayambitsa sichinali nkhondo ya mayiko. Unali mpikisano wa ndalama wokhudza maseva a masewera a Minecraft.

Malemba a pulogalamuyo atatayidwa poyera, ena anawatola. Mmodzi wa iwo anali Daniel Kaye wa ku Britain, amene analipidwa ndi munthu wa kampani yopikisana nayo kuti aukire Lonestar, kampani ya mafoni ya ku Liberia. Chakumapeto kwa 2016 kuukirako kunakula mpaka kunasokoneza intaneti ya anthu ambiri m'dzikolo, ndipo mu Januwale 2019 khoti la ku London linamulamula kukhala m'ndende miyezi 32. Eni makamera amene anagwiritsidwa ntchito pa zimenezi sankadziwa kanthu. Makamera awo ankajambulabe, ndipo iwo sanatayepo chilichonse chooneka. Amene anavutika anali anthu a ku Monrovia amene sanawaonepo. Mtsikanayo anaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani: seva yosatetezedwa imavulaza anthu ena msanga kuposa mwini wake. Munthu amene sanamange bwino khola lake, ng'ombe zikatuluka usiku zimakadya chimanga m'munda wa mnansi, ndipo pabwalo la mfumu safunsa ngati anazituma. Kuteteza seva ndi udindo wa mtundu womwewo.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mtsikanayo anayamba ndi khomo limene iye mwini amalowera ali kutali, lotchedwa SSH. Njira imeneyi anaipanga Tatu Ylönen mu 1995, ali wofufuza pa Helsinki University of Technology ku Finland, anthu ena atabera mapasiwedi pa netiweki ya sukuluyo. Khomo lake linapatsidwa nambala 22, ndipo ndi limene alendo a mu auth.log aja ankagogodapo. Ogogodawo sayesa zilembo mwachisawawa. Amagwiritsa ntchito ndandanda za mapasiwedi amene anthu anagwiritsapo kale ntchito n'kubedwa. Mu 2009 kampani ya RockYou inabedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni, ndipo yotchuka kwambiri pakati pawo inali 123456. Ndandanda yake ikugwirabe ntchito mpaka lero, chifukwa anthu sasintha msanga mmene amaganizira. Choncho iye anachotseratu pasiwedi pa khomolo n'kuikapo makiyi. Makiyi amenewa amabadwa awiri. Mmodzi amaikidwa pa seva ndipo amagwira ntchito ngati loko, moti ngakhale wina atamuona sangapindule naye. Winayo amakhala pa laputopu ya mwini wake ndipo satumizidwa kulikonse. Pofuna kulowa, laputopu imasayina uthenga ndi kiyi wobisikayo, ndipo seva imatsimikiza sayiniyo ndi kiyi amene ili naye. Kiyi wa mtundu wa Ed25519, amene iye anasankha, sangapezedwe mwa kuyesayesa, ngakhale makina ogogoda atakhalira ntchito yomweyo kwa moyo wa mibadwo yosawerengeka.

M'fayilo ya malamulo a khomolo, yotchedwa sshd_config, analemba mizere iwiri: PasswordAuthentication no, kuti pasiwedi isalandiridwenso, ndi PermitRootLogin no, kuti dzina la root lisaloledwe kulowa kuchokera kunja. Anadzipangira dzina lake la mphamvu zochepa, ndipo akafuna kuchita chinthu chachikulu amapempha mphamvuzo kwa kanthawi ndi lamulo la sudo. Posintha zimenezi anasiya khomo limodzi limene analowera kale lili chitsegukire, n'kuyesa kulowa kachiwiri pa windo ina, chifukwa amene walakwitsa chilembo chimodzi n'kutuluka asanayese amadzitsekera yekha kunja. Kenako anatembenukira ku makomo ena. Seva ili ndi makomo a manambala okwana 65,535 pa njira iliyonse yolumikizirana, ndipo pulogalamu iliyonse yoikidwamo ikhoza kutsegula lake mwakachetechete. Anayatsa mpanda umene amautcha firewall, pogwiritsa ntchito ufw, n'kulamula kuti zonse zochokera kunja zikanidwe kupatula makomo atatu: 22 lolowera iye, 80 ndi 443 a webusaiti. Pulogalamu yosunga kaundula wa makasitomala anailamula kuti izimvera zochokera m'kati mwa seva momwemo basi. Chenjezo pa nkhaniyi linamveka mu Januwale 2017, pamene zikwi zambiri za nkhokwe za MongoDB zosiyidwa poyera popanda pasiwedi zinafufutidwa, n'kusiyidwamo uthenga wofuna dipo. Podziwanso kuti Docker ikatsegula khomo imatha kulambalala malamulo a ufw, sanakhulupirire mpandawo mwa mawu okha. Anafufuza sevayo ali kunja ndi pulogalamu ya nmap, kuti aone makomo monga mmene mlendo amawaonera.

Anaikanso Fail2ban, pulogalamu imene Cyril Jaquier anayamba mu 2004. Ntchito yake ndi kuwerenga mafayilo olemba alendo, ndipo ikaona adiresi imodzi yalephera kulowa kangapo motsatizana imauza mpanda kuti uitsekere kunja. Monga imabwerera, imatseka adiresi imene yalephera kasanu m'mphindi 10, ndipo imaitseka kwa mphindi 10, koma woyang'anira akhoza kutalikitsa nthawiyo. Iye ankadziwa malire ake. Botnet ili ndi maadiresi zikwizikwi, ndipo ikhoza kuyesa kawiri pa adiresi iliyonse n'kusintha, osafika pa chiwerengero chotsekera. Phindu la Fail2ban pa khomo la makiyi ndi kuchepetsa phokoso, kuti mafayilo aziwerengeka ndipo chachilendo chizioneka. Phindu lake lalikulu lili pa makomo amene sangachotsedwe pasiwedi, monga tsamba limene amalumewo ndi dalaivala amalowera polemba katundu. Anzake ena anamulangiza kuti asamutse SSH kuchoka pa 22 kupita pa nambala ina. Zimenezi zimachepetsadi ogogoda aulesi, koma wofufuza makomo onse amalipeza khomolo m'kanthawi kochepa. Kusuntha chitseko n'kukachiika kuseri kwa nyumba n'kwabwino ngati loko alipo kale, ndipo sikulowa m'malo mwa loko.

Makiyi ndi mpanda zimaletsa wolowa pakhomo, koma khoma lenilenilo limatha kukhala ndi ming'alu. Mapulogalamu amalembedwa ndi anthu, ndipo zolakwika zimapezeka m'menemo chaka ndi chaka. Cholakwika chikalengezedwa pamayamba liwiro pakati pa okonza ndi ogogoda. Mu Disembala 2021 cholakwika cha mu Log4j, kachigawo kamene kali m'mapulogalamu ambiri a Java, chitadziwika, makina anayamba kuchisakasaka pa intaneti yonse pasanathe maola ambiri. Mu 2017 kampani ya Equifax ya ku America inaberedwa zinthu zokhudza anthu pafupifupi 147 miliyoni kudzera pa cholakwika cha mu Apache Struts chimene mankhwala ake anali atatuluka mu Malichi, miyezi iwiri akubawo asanalowe. Ngati kampani ya antchito zikwizikwi inachedwa motero, munthu mmodzi wokhala ndi ntchito ina masana angachedwe koposa. Pa chifukwa chimenechi mtsikanayo anayatsa unattended-upgrades, imene imatenga yokha zokonza za chitetezo tsiku ndi tsiku. Anasankha Ubuntu ya mtundu wa LTS, imene imalandira zokonzazo kwa zaka zisanu, ndipo analemba pa kalendala chaka chimene nthawiyo idzathe. Anachotsanso pulogalamu iliyonse imene webusaitiyo sinkaifuna, pakuti chimene sichinaikidwe sichingakhale ndi mng'alu.

Komabe pali zoopsa zimene mwambo wonsewu sungazione. Pa 29 Malichi 2024 Andres Freund, katswiri wa PostgreSQL wogwira ntchito ku Microsoft, analengeza kuti wapeza khomo lobisika mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kali pafupifupi m'makina onse a Linux. Anali ataona kuti SSH pa makina ake oyeserera ikudya mphamvu mosayenera ndipo ikuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambiri akanangopitirira, koma iye anatsatira mpaka anapeza gwero. Munthu wogwiritsa ntchito dzina lakuti Jia Tan anali atathandiza pa ntchito ya xz kwa zaka pafupifupi ziwiri mpaka anakhulupiridwa, kenako n'kubisa msamphawo m'mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Ukanafika m'makina a anthu onse, mwini msamphawo akanatha kulamula maseva ochuluka osasowa kiyi wa eni ake. Unagwidwa usanalowe m'mitundu yokhazikika ya Debian, Ubuntu ndi Red Hat. Kwa mtsikanayo nkhaniyi inamulimbitsa pa zinthu ziwiri. Anapitiriza kugwiritsa ntchito mitundu yokhazikika m'malo mothamangira zatsopano, ndipo anapitiriza kuwerenga mafayilo a seva yake sabata iliyonse ngakhale palibe chimene chavuta. Munthu amazindikira chachilendo pokhapokha ngati akudziwa mmene zinthu zimaonekera tsiku wamba.

Popeza palibe loko wosathyoka, anakonzekeranso tsiku limene zonse zingawonongeke. Usiku uliwonse kaundula amakoperedwa, n'kutsekedwa ndi kiyi wina, n'kutumizidwa ku kampani ina ya kumalo ena. Anakonza kuti seva izitha kuwonjezera zokopera zatsopano koma isathe kufufuta zakale, chifukwa wolowa mwakuba amene akufuna dipo amayamba wasakasaka zokoperazo. Kufunika kosunga kumalo ena kunaoneka pa 10 Malichi 2021, pamene moto unawononga nyumba imodzi yosungiramo makina ya OVH ku Strasbourg, ndipo makasitomala ena amene zokopera zawo zinali pamalo omwewo anataya zonse. Kamodzi pa miyezi ingapo iye amabwereka seva ina kwa ola limodzi n'kuyesa kubwezeretsa zonse kuchokera pa zokoperazo, kuti aone ngati zikutsegukadi. Nkhokwe imene mwini wake sanasuzumiremo kuyambira nthawi yokolola ikhoza kukhala yodzaza ndi anankafumbwe. Kiyi wachiwiri wolowera, pamodzi ndi malangizo olembedwa pamanja, anaziika mu envelopu yomata n'kupereka kwa amalume ake, kuti iye atadwala kapena laputopu itabedwa, bizinesiyo isatsekeredwe kunja kwa chipinda chake chomwe.

Chovuta pa ntchito yotereyi n'chakuti ikayenda bwino palibe chooneka. Dalaivala akafika ku Blantyre ndi katundu yense, anthu amamuyamikira. Mlonda wa seva akagwira bwino ntchito yake, chimene chimachitika n'chakuti palibe chimene chachitika, ndipo palibe amene amathokoza chifukwa cha foni yachinyengo imene sinaimbidwe. Amalumewo nthawi zina ankadandaula ndi ndalama yowonjezera yolipirira zokopera, ndipo ankafunsa chifukwa chake polowa ayenera kulembanso nambala yosinthasintha yochokera pa foni yawo kuwonjezera pa pasiwedi. Iye ankawayankha mwaulemu kuti, "Amalume, pasiwedi yanu ikabedwa, nambala imeneyi ndi imene idzatsale pakati pa wakuba ndi mayina a anthu anu." Anawakumbutsanso kuti nkhaniyi ili ndi mbali ya lamulo. Ku South Africa lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limafuna kuti aliyense wosunga zinthu zokhudza anthu ena aziteteze moyenera, ndipo zikabedwa adziwitse eni ake pamodzi ndi ofesi ya boma yoyang'anira nkhaniyi. Lamuloli limakhudza mabizinesi aang'ono ndi aakulu omwe.

Nkhani imene anakanganapo kwa nthawi yaitali inali yofufuta. Amalumewo anazolowera kusunga kope lililonse, ndipo m'kabati mwawo muli makope a zaka zambiri amene sanatayepo ngakhale limodzi. Ankaona kuti kusunga zonse ndi chizindikiro cha munthu wadongosolo. Mtsikanayo anawaonetsa kusiyana kwake. Kope la m'kabati lingabedwe ndi munthu mmodzi amene wafika pa nyumbayo n'kuthyola kabatiyo, pamene kaundula wa pa seva amayesedwa ndi makina a dziko lonse ola lililonse, ndipo tsiku limene mmodzi adzapambane adzatenga zonse m'masekondi ochepa. Nambala ya foni ya agogo amene analandira bulangete zaka zitatu zapitazo ilibenso phindu kwa onyamula katundu, koma kwa wachinyengo ikadali ndi mtengo. POPIA nayo imanena kuti zinthu zokhudza munthu zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunikira.

Pomaliza anagwirizana pakati. Katundu akafika ndipo papita miyezi itatu popanda dandaulo, pulogalamu imachotsa yokha dzina ndi nambala ya wolandira kumudzi, n'kusiya nambala ya lisiti, tsiku ndi ndalama, zimene zimafunika powerengera msonkho. Zolembedwa zakale zimene amalumewo anakana kuzitaya zinachotsedwa pa seva n'kuikidwa pa kachipangizo kosalumikizidwa ku intaneti, kamene kamakhala m'kabati momwemo pamodzi ndi makope. Pa sevayo tsopano pamakhala mayina a anthu okhawo amene katundu wawo ali pamsewu kapena wangofika kumene. Ogogodawo akupitirizabe kuyesa root ndi admin monga ankachitira tsiku loyamba, ndipo Lamlungu lililonse madzulo mtsikanayo amatsegula auth.log n'kuwerenga mizere ya sabatayo asanakonze za ntchito ya Lolemba.